Chingwe cha a Simeon Chavula

Ku Kapelula, kumene madzi ambiri amene anthu amawadziwa ndi a m'dambo, kunali bambo wina woyenda motang'adza ngati nthaka ikugwedezeka. Anali a Simeon Chavula, amene anatha zaka makumi awiri ndi zisanu kunyanja, pa kasitima ka asilikali kotchedwa Njati.

Njati sinali sitima yoti munthu n'kuinyadira. Inalibe mfuti ngakhale imodzi. Ntchito yake inali kukankha ndi kukoka zinzake zikuluzikulu polowa padoko, ndipo kukabwera alendo olemekezeka ankaibisa kuseri. A Simeon anali ogwira chingwe. Mbiri ya Njati ankaidziwa kuposa ya ana awo: chaka chimene inafika ili zidutswazidutswa, chaka chimene anaisintha injini, ndi chaka cha mwera woopsa uja, pamene mkulu wawo anawalamula kuti adule chingwe cha bwato limene ankakoka. Anadula. Asilikali awiri a m'bwatomo sanapezekenso. Kuyambira tsiku limenelo a Simeon sanadulenso chingwe, ngakhale cha mbuzi. Ankachita kumasula.

Njati itadyeka ndi dzimbiri, inagulitsidwa kwa ogula zitsulo, nawonso a Simeon anapumitsidwa ntchito. Anabwerera kwawo n'kugula ng'ombe ziwiri zapangolo. Ng'ombezo ndizo zinkawadyetsa iwo ndi akazi awo a Lefina, pakuti msana unali utayamba kukana khasu. Zinkalima, zinkatutanso fodya wa anthu kupita kuzigafa.

Chaka china cha makuponi, feteleza anachedwa mpaka chimanga chinayamba chikasu. Ndiye m'mawa wina kunamveka kuti lole ya feteleza yatitimira pachitunda chotulukira m'dambo. Mudzi wonse unakhamukira komweko.

"Bambo, ng'ombezi n'zokalamba," anatero a Lefina. "Asiyeni akaitane thirakitala."

"Thirakitala idzafika chimanga chitafa. Kukoka ndi ntchito yanga iyi."

Kunena zoona, a Lefina anali asanawaonepo amuna awo akusangalala chonchi chibwerere kunyanja. A Simeon anamanga mfundo zawo zakudoko, anaika anthu kumbuyo kuti azikankha, n'kukuwira ng'ombe. Lole inasuntha, inakwera pang'ono. Kenako matayala anaterereka, niyamba kubwerera chambuyo ikukhwekhwereza ng'ombe zija.

"Dulani chingwe, bambo! Dulani!" anakuwa dalaivala.

Chikwanje chinali m'manja mwa a Simeon. Mlimi wina aliyense akanadula osaganiza kawiri. Koma iwo anachiponya pansi, n'kugwada m'matope kulimbana ndi mfundo yonyowa, yomwe inali itakungika ngati mwala. N'zopsetsa mtima, komanso n'zomvetsa chisoni, chifukwa munthuyo sankaona lole ayi, ankaona bwato lija la kunyanja. Pamene lole inkaima, ng'ombe imodzi inali m'ngalande, mwendo wakutsogolo utathyoka. Ndipo ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi.

Masana kunabwera thirakitala ya ku esiteti, niitulutsa lole ija mosavuta. A Lefina anali atapita kale kukaitana munthu woti aphe ng'ombe ija. A Simeon, matope thupi lonse, anayandikira dalaivala.

"Bola chimanga chipulumuka. Mutsitsa lero lomwe padepoti pathupa?"

Dalaivala anayang'ana kumbali.

"Pepani, bambo. Fetelezayu si wa kuno. Ndi wa ku Mtunthama, ine ndinangodzera kuno pofuna njira yachidule."