Bokosi la Bekalu

Amene amati Zeleke anali msilikali wamwano sanagonepo m'chinyumba chamalata chija, pabwalo la ndege zankhondo, chaka cha nkhondo ya ku Ogadeni. Mabedi makumi atatu, zenera limodzi, nsikidzi zonenepa kuposa eni magazi. Masana denga linkatentha ngati chiwaya chophikira injera, buledi wa kumeneko. Madzi chitini chimodzi patsiku: umwe, usambe, uchape, zako zimenezo. Oyendetsa ndege ankagona kutsidya, m'zipinda zamphepo yabwino. Zeleke ntchito yake inali kumangirira mabomba kunsi kwa mapiko. Zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka khutu limodzi linafa.

Bedi loyandikana ndi lake linali la Bekalu, wowombera mfuti muhelikopita. Ankadyera mbale imodzi, kupatsana nthongo m'kamwa ngati apachibale. Bekalu ankamutcha Gonthi, n'kumamutukwanira dala kukhutu lakufalo uku akumwetulira.

Lachiwiri lina helikopita ya Bekalu sinabwerere. Amene anaona utsi anati panalibe chotola.

Dzuwa lisanapendeke anafika Sajeni Damte wosunga katundu wa asilikali. Anapinda matiresi, anafufuta dzina pakhoma, nanena kuti bokosi la katundu wa Bekalu likwera lole Lachisanu, dalaivala akalitule pakhomo la mkazi wake, Mulatwa, ku Asebe Teferi.

Imfa sainena choncho! Akuluakulu amapita m'bandakucha, amayamba asonkhanitsa anansi, amamukhazika pansi munthu, ndiye kumuuza. Ndipo Mulatwa anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono, wopanda mbale m'tawunimo.

Zeleke anakhalira bokosi lija.

"Bwana, mlamu wanga amve za mwamuna wake kwa dalaivala? Ndi thumba la anyezi limeneli?"

"Choka apo, Gonthi," anatero Damte. "Nkhondo ilibe m'bandakucha."

Anapempha masiku awiri kuti apite yekha. Anamufunsa kuti nanga mabomba amangirira ndani, agogo ake? Ndiye analemba kalata kwa wansembe wa ku Asebe Teferi kuti akamuuze Mulatwa mwamwambo, napatsira wophika wina amene ankapita kutchuthi Loweruka. Wansembe akanafika kwa Mulatwa Lolemba. Chimene chinkafunika n'chakuti bokosi liphonye lole ya Lachisanu, basi. Analibisa m'chibokosi cha mabomba chopanda kanthu, kuseri kwa shedi.

Anamumenya, anamutsekera masiku anayi m'kachipinda kosungira matayala. Funso lililonse ankalitchera khutu lakufa lija. Amuna makumi awiri ndi asanu ndi atatu a m'chinyumbamo ankadziwa pamene panali bokosi, koma panalibe anatsegula pakamwa.

Damte sanavutike nazo. Pamsomali wa pamwamba pa bedi panatsala nsapato za Bekalu, zomangidwa pamodzi ndi zingwe zake. Zeleke anaziiwala. Zimenezo ndizo zinakwera lole.

Dalaivala anafika dzuwa lili paliwombo, anaimba hutala, Mulatwa anatuluka yekha ndi ufa m'manja. Anamupatsira nsapatozo pazenera, injini ikulira.

Wansembe anapeza maliro atagona kale masiku atatu.

Nkhondo itatha Zeleke ananyamula bokosi paphewa mpaka pakhomopo. Mulatwa analandira, mwana ali kumsana, koma khofi sanamuphikire.

"Achimwene, munali naye chipinda chimodzi. Munasowa ndi mawu omwe oti mutumize?"

Zeleke sanafotokoze. Mawuwo analowera kukhutu lamoyo.

Papepala lake la usilikali mpaka lero palembedwa kuti wamwano.