Fatiki wa achimwene

Achimwene anga atamaliza maphunziro a uphunzitsi kumishoni, anabwera ndi zinthu ziwiri: nsapato zothina ndi mawu amodzi a Chingerezi. Mawuwo anali phatic, iwo ankatchula kuti fatiki. Ankati anawamva kwa wansembe wachizungu, ndipo ngakhale Angerezi ambiri sawadziwa. Akuti anachokera ku Chigiriki, kumene amatanthauza chonenedwa ndi pakamwa, ndipo ophunzira zilankhulo amatchulira zolankhula zopanda nkhani m'kati, zongosonyeza kuti wamuona mnzako, monga moni.

Tinatopa nawo. Ukawafunsa kuti adzuka bwanji, ankangoti, "Fatiki!" n'kumapitirira. Ine ndinkapsa mtima, koma ndinangowasungira.

Ndiye anakonda mtsikana wa ku Kalembo. Tsiku lokaonekera kwa amalume a mtsikanayo anapita ndi amalume athu, ine ndinatsatira, ati kukacheza ndi mlamu, koma mtima unali pa kukaonerera. Amalume a mtsikanayo anayamba moni. Anafunsa za amayi, za mvula, za dzombe, ngati Shire wadzadza pa Liwonde. Atafika pa mbuzi zathu, achimwene, nsapato zikuwaluma, anati, "Tonse tili bwino, bambo. Tiyeni kunkhani."

Mkuluyo anaimirira, n'kutenga khasu lake.

"Iyayi, nkhani yake iti? Ine sindinaone mlendo pano."

Kuseri kwa nkhokwe mtsikana uja anali kulira, ine ndikuluma nsalu kuti ndisaseke. Kunena zoona ndinakondwa.

Amalume athu anachita kukapepesa ndi nkhuku. Atapitakonso ulendo wachiwiri achimwene anakhala pansi chogwada, nsapato atasiya kunyumba. Anapereka moni kwa aliyense, ngakhale khanda la kumsana, ndipo za mbuzi anafotokoza imodziimodzi, mpaka ya mwendo wopunduka. Mbeta anawapatsa dzuwa litapendeka. Kuyambira pamenepo ndinkawatchula Afatiki, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka ana asukulu analidziwa.

Anakhala ndi alamu mpaka imvi. Alamu atamwalira ndinapita kukawaona, ndipo ndinawapeza pakhonde m'mawa, tiyi atazizira m'kapu.

"Mwadzuka bwanji, Afatiki?"

Ndinkayembekezera kuti andikalipira.

"Funsanso, mlongo wanga," anatero. "M'nyumba muno palibenso wondifunsa."