Kumene Ndinamugoneka Mkazi Wanga

Chaka chimene mkazi wanga anamwalira, kukoleji tinkaphunzira mmene ukapolo unagawanitsira Amereka. Sabata ya maliro ndinkawerengabe mu tiramu, sitima yam'tauni ya ku Croydon, kunja kumene tinkakhala, nkhungu itaphimba mawindo, osadziwa ngati ndili maso kapena ndikulota. Akummwera kwa Amereka ankati munthu amene anamugula ndi wawo, atha kupita naye kulikonse; akumpoto ankakana. Analemba malire pamapu, nagwirizana, nakangananso, mpaka pachibale anaomberana mfuti.

Foni inalira. Anali bambo anga aang'ono, kwathu kumpoto kwa Malawi. "Mwanawe, tinapereka ng'ombe za malowolo. Maliro abwere kuno."

Apongozi anga akummwera, kumene mwana ndi wakuchikazi, anali ataimba kale. Anangoti, "Bambo, mundibweretsere mwana wanga."

Ndikudziwa kuti malowolo si kugula munthu. Komabe pawindopo ndinkangoona mkazi wanga, ali mu yunifolomu yake ya unamwino, akundifunsa monga ankachitira ndikamamuwerengera za nkhondoyo: "Nanga akapolowo anawafunsa?"

Anandiuzapo kamodzi, tikupinda zovala, kuti amalota minda ya tiyi ya kwawo. Ndinakamugoneka kumeneko, kwa amayi ake. Bambo aang'ono sandilankhula mpaka lero.