Sefa ya pabalaza

Mwana wanga woyamba anamwalira ndi matenda otsegula m'mimba ali ndi chaka chimodzi ndi miyezi iwiri. Ndayamba ndi zimenezi kuti mumvetse chifukwa chake ndinali waukali pa nkhani ya madzi. Wachiwiri, mtsikana, atayamba kukwawa n'kumalawa phala, ndinalumbira mumtima kuti ameneyu madzi sandilanda.

Nthawi imeneyo matipate anali atangolowa kumene. Ndinkagwira ntchito yokonza zipinda pa loji ina ku Senga Bay, ndipo kusintha kumene ine ndinakuona msanga n'kwakuti azimayi achizungu ankatsika galimoto atavala mathalauza popanda wowabweza. Kwa ife ntchito inali yomwe ija: kuyala mabedi, kukolopa, ndi kuika jagi ya madzi akumwa m'chipinda chilichonse. Madzi a m'majagiwo ndinkakatunga kukhitchini, pa sefa yachitsulo yonyezimira, ya zigawo ziwiri ngati mapoto osanjikiza. Pamwamba umathira madzi, madziwo amadutsa pa chinthu choyera chadothi chimene ankachitcha kandulo, kenako amadonthera pansi pomwe panali kampopi. Tsiku ndi tsiku ndinkaperekera madzi abwino kwa anthu osawadziwa, n'kubwerera kunyumba kukamwetsa wanga madzi a pachitsime cha kuseri kwa nyumba zathu za lendi, chimene mvula ikagwa chinkasanduka ngati tiyi wamkaka. Zinkandiwawa kwambiri.

Pakhomo tinalipo anayi: ine, bambo a mwana amene ankaphika pa hotela ina, mwanayo, ndi apongozi anga. Apongoziwo anachoka kwawo kwa Maganga kudzatilerera mwana, poti tonse awiri tinkalawira m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka. Anali mayi ofatsa, osachuluka mawu. Ine ndi iwo tinkapatsana ulemu wa chipongozi: moni nditagwada, nkhani zochepa, osakhalira mphasa imodzi. Sitinakanganepo, komanso kunena zoona sitinachezepo.

Ndinayamba ndi kuwiritsa madzi. Ndinapirira milungu ingapo. Koma nkhuni kunyanja zimavuta, owamba nsomba amazitha zisanafike kwa ife, ndipo madzi owiritsa ankanunkha utsi moti mwana ankawalavula. Kutentha kwa ku Salima nakonso, madzi ukawiritsa m'mawa amafika masana adakali ofunda. Kenako ndinayesa klorini amene alangizi a zaumoyo ankagawa. Vuto lake, ankabwera naye pokhapokha kukamveka mphekesera za kolera. Bambo a mwana nawo atalawa tiyi tsiku loyamba anakwinya nkhope.

"Kodi watunga m'dziwe losambiramo azungu?"

"Mukafuna a pachitsime, ndowa ili apo," ndinawayankha.

Anamwa tiyi wawo, koma botolo la klorini litatha sanandithandize kufufuza lina. Apo ndi pamene ndinatsimikiza mtima kuti ndigula sefa.

Tsiku langa lopuma ndinakwera matola kupita ku boma. Masiku amenewo mavenda anali atadzaza m'makonde a masitolo, katundu amene kale tinkangomumva anali mbwee pansi, koma sefa ndinakaipeza m'sitolo ya mmwenye pafupi ndi depoti. Zinalipo ziwiri. Ina inali yapulasitiki yobiriwira, ya makandulo awiri, yooneka ngati ndowa wamba. Inayo inali yachitsulo, ya kandulo imodzi, yonyezimira moti ndinadziona nkhope.

Bambo wogulitsa m'sitolomo, munthu wachikulire, anandifunsa kuti pakhomo tilipo angati. Nditamuuza anagogoda yapulasitiki ija ndi chala.

"Amayi, tengani iyi. Madzi amatsika msanga, ndipo aliyense pakhomo akhoza kuigwira osaopa."

"Ine ndikufuna ngati ya kuntchito kwathu."

"Kuntchito kwanu n'kuti?"

"Ku loji."

"Aa, ndiye kunyumba kwanunso ndi ku loji?"

Anandinyansa. Ndinamuuza kuti ndalama ndi zanga, andikulungire yachitsulo. Lero ndikuvomera kuti ndinasankha ndi maso. Ndinkafuna mwana wanga amwe madzi a azungu kuchokera m'chinthu cha azungu, ndipo pansi pa mtima ndinkafunanso kuti amayi a m'nyumba zoyandikana aone. Pokulunga, bambo uja anandichenjeza kuti kandulo ndi yosachedwa kusweka ngati dzira, ikachita mng'alu basi ntchito yatha. Mawu amenewo ndinawasunga kuposa onse. Pobwerera ndinaifukata pamiyendo njira yonse, matola akagunda pabampu mtima n'kumandidumpha.

Kunyumba sindinaiike kukhitchini. Khitchini yathu inali kachisakasa ka utsi kuseri, ndipo chinthu chonyezimira chotero sichikanakhala ndi mapoto amwaye. Ndinaiika pabalaza, pakatebulo pambali pa wailesi, n'kuivundikira kansalu koluka. Anansi anabwera kudzaona. Mayi wina wa khomo lachitatu, amene chilichonse amachiona ndi manja, anavundukula chivindikiro n'kuyamba kugogoda kandulo ndi chikhadabo kuti amve ngati ndi mwala. Ndinamukuwira nthawi yomweyo.

"Siyani! Chinthu ichi asagwire munthu. Aliyense! Wotsegula ndine ndekha."

Anthu anaseka mwamanyazi n'kuyamba kutuluka mmodzimmodzi. Apongozi anali atakhala pakhomo, mwana ali pamiyendo. Ine ndinkakalipira mayi wa khomo lachitatu, ndipo sindinaganizeko n'komwe kuti mawu anga agweranso m'makutu ena.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi dongosolo langa. M'mawa ndinkathira ndowa pamwamba, kumwetsa mwana kapu imodzi, n'kupita kuntchito. Pobwera ndinkamumwetsanso. Lamlungu akabwera a mpingo kudzacheza, ndinkawatungira m'tambula, iwo n'kumayamikira kuti madzi ake ngokoma. Tsiku lililonse pobwera kuntchito ndinkapeza chigawo chapansi chili chodzaza mpaka pakamwa. Ndinkasangalala. Ndinkauza bambo a mwana kuti wogulitsa uja ananama, kandulo imodzi ikukwanira bwinobwino, onani madzi sakutha.

Mvula inayamba. Tsiku lina chakumasana ndikuyala bedi m'chipinda cha alendo, anandiitana kuti kugeti kuli munthu. Anali mayi wa khomo lachitatu yemwe uja, thukuta lili kamukamu. Anati mwana wakhala akutsegula m'mimba kuyambira nditangochoka, tsopano wayamba kusanza.

Kunyumba ndinamupeza mwana ali lefuu m'manja mwa apongozi. Maso anali atalowa, liwombo litalowanso, milomo itauma. Zonsezi ndinali nditaziona kale pa mwana wanga woyamba. Sindikumbuka bwino za ulendowo. Ndikudziwa kuti tinakwera njinga mpaka pamsewu, kenako galimoto, apongozi ali pambuyo panga atanyamula kachikwama ka matewera.

Kuchipatala anamuika diripi. Namwino, uku akumata pulasitala pakadzanja, anafunsa mafunso ake a nthawi zonse. Wadya chiyani, wayamba liti, amamwa madzi otani.

"A m'sefa," ndinayankha msanga. "Sefa yeniyeni, ya kandulo. Mwana uyu samwa madzi a pachitsime."

Apongozi anali atakhala pansi pasimenti, pafupi ndi mwendo wa bedi. Anayankhula motsitsa, akuyang'ana pansi.

"Masana amamwa a mumtsuko."

Ndinatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ndinawakwezera mawu.

"Amayi, a mumtsuko? Nanga sefa ili pabalaza ija ndi ya maluwa?"

"Munati asagwire munthu, mayi a mwana."

Odwazika matenda pamabedi ena anasiya nkhani zawo. Apongozi anapitiriza, mawu awo osakwera ngakhale pang'ono.

"Ine ndimati ndi ya inu ndi alendo, monga kuntchito kwanu. Ndimangokutumula fumbi pakansalu kaja. Nanga mwana akalira ludzu dzuwa lili pamutu, ndikanatani? Ndinkawasefa ndithu madziwo. Ndinkasefera mpango wanga woyera uja wa kutchalitchi."

Mpango umenewo ndinkaudziwa. Ankausunga m'pepala pansi pa sutikesi, ndipo masabata angapo ndinkauona uli pachingwe pakati pa mlungu, wofiirira pakati, ine n'kumadabwa kuti gogo ayamba liti kupemphera Lachitatu. Ndiye ndinakumbukanso chigawo chapansi chodzaza chija, chimene ndinkanyadira madzulo aliwonse. Madzi sankatha chifukwa panalibe ankamwa.

Ndinatuluka panja n'kukaima pakhonde la wodi. Ndinkafuna munthu woti ndimukalipire, koma sanapezeke. Wogulitsa uja anandiuza zoona. Apongozi anamvera zimene ndinalamula m'nyumba mwanga. Miyezi iwiri yathunthu ndinkawapatsa moni nditagwada m'mawa uliwonse, koma sindinawagwirepo dzanja n'kuwaonetsa kuti kampopi amapotoza chonchi. Ndinachita manyazi, ndiponso mantha, chifukwa ndinaona kuti mwana uyu akapita, wamupereka ndine ndi pakamwa panga.

Tinakhala m'chipatala masiku anayi. Tsiku lachitatu m'mawa mwana anatsegula maso n'kukoka bulauzi yanga kufuna bere. Apongozi anaombera m'manja kamodzi, pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhoma kuti ndisaone nkhope yawo. Masiku onsewo sanatchulenso za madzi, ndipo mwana wawo, bambo a mwana, atabwera kudzationa sanamuuze kuti ndinawakalipira pagulu.

Titafika kunyumba, ndisanamasule n'komwe katundu, ndinachotsa kansalu koluka kaja. Sefa ndinainyamula kupita nayo kukhonde la kuseri, pafupi ndi mtsuko, n'kuikhazika pa njerwa zinayi. Kenako ndinayala mphasa, n'kuwapempha apongozi kuti akhale. Ndinakhala pamphasa yomweyo.

"Amayi, ndinalakwa ndine. Mawu aja sanali a inu. Chinthuchi ndinagulira mwanayu, ndipo amene mumakhala naye ndinu."

Ndinawaonetsa pothira madzi, potsegula, potseka. Ndinawaonetsa kandulo, ndi kuwauza kuti ikada timaitsuka ndi madzi okha popanda sopo. Ndinawauza kuti ngakhale itasweka, tidzagula ina. Ankangogwedeza mutu. Pomaliza ndinawapatsa kapu ya mwana kuti ayese okha.

Anaika kapu pansi pa kampopi. Dzanja linafika pa kampopipo n'kuima. Anandiyang'ana.

"Ndingatsegule?"

Mwana uja anakula, lero ali ndi ake. Sefa inakhala pakhonde zaka zambiri, inachita mwaye, inapindika pambali, kunyezimira konse kunatha. Apongozi anakhala nafe zaka zina zitatu asanabwerere kwa Maganga, ndipo ndikudziwa kuti ndikachoka ankatunga bwinobwino, chifukwa madzulo ndinkapeza chigawo chapansi chitatsala pang'ono kuuma. Koma tsiku lililonse limene ndinali pakhomo, akafika ndi kapu pa sefa ija, dzanja linkaima, ndipo ankandifunsa kaye.