Chitseko Chotsala cha Ednah

A Bwezani Zulu anali kalipentala, ndipo anali munthu wosangalala mochita kutopetsa. Wotopa kwambiri anali mkazi wawo Ednah.

A Bwezani anabadwira ku Katete, nagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu pa fakitale ina ya mipando ku Lusaka. Mu 1993 akuluakulu ovala matayi anagulitsa fakitaleyo ngati akugulitsa nkhuku, ndipo antchito anapatsidwa kalata yothokoza. Kalata! Anzawo anatukwana, ena analowa m'mowa osatulukamonso. A Bwezani anakweza sowo, pulena ndi banja lawo pa lole n'kukatsikira ku minda ya ku Kanakantapa akuimba nyimbo za kutchalitchi, ngati munthu amene wakwezedwa pa ntchito.

"Mulungu alipo, amake Mirriam," ankatero. Chimanga chikapsa ndi dzuwa, Mulungu alipo. Njinga itabedwa pa Chongwe, Mulungu alipo, ndipo mwina wakubayo anali ndi ulendo wautali. Ednah naye ankapemphera, ku chigwirizano cha amayi sankajomba, koma ankaona kuti ngakhale Mkhristu ali ndi ufulu wokwiyako pang'ono.

Zaka zimenezo matenda aja amene anthu ankaopa kuwatchula dzina ankakolola achinyamata. Maliro lero, maliro mkuja. Matabwa anasowa, ndipo a Bwezani sankapirira kuona munthu akupita kumanda atakulungidwa mumphasa. Anayamba ndi shelefu ya mbale, n'kukhoma bokosi. Kenako benchi. Kenako tebulo la mlombwa limene Ednah ankanyadira. Bedi litapita, anayamba kugona pansi. Pofika Disembala wa 1996 m'nyumbamo munatsala thabwa limodzi lokha, chitseko chakunja, ndipo mvula inali itayamba.

Ndiye kunamwalira Peterson, woyandikana nawo munda. Peterson ameneyu anasuntha malire n'kudya mizere itatu ya munda wawo, ndiponso ankawatcha a Bwezani wamisala wa Yesu. M'mawa mwake mkazi wa Peterson, Jenala, anabwera n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Ednah pochokera kuchitsime anapeza amuna ake akuyeza chitseko ndi chingwe. Anatula ndowa n'kuima pakhomo, manja m'chiuno.

"Imwe atate ake Mirriam, mufuna chani na chitseko changa?"

"Ba Peterson anali atali, mayi. Kulibe thabwa lina."

"Peterson? Uja anatidyera munda? Mukamuike mu mizere yake itatu yomweyo!"

"Sinipangira Peterson, iye sazamva kanthu. Nipangira ba Jenala na ana."

"Nanga ise? Mvula? Mbuzi? Akawalala?"

"Akawalala azaba chani muno? Katundu yonse ili kumanda."

Ndipo anaseka, munthu wamkulu ndi imvi zake, mpaka kugwira khoma. Ednah anawakalipira.

"Kodi imwe simukwiya? Ntchito anakuchotsani, njinga anaba, munda anadya, imwe mano pamtunda!"

"Nikwiya," anatero a Bwezani, atasiya kuseka. "M'mawa uliwonse nimamuuza Yesu zonse, na maina omwe. Peterson namuneneza zaka zitatu. Amanimvera mpaka nitsirize. Nikanyamuka nipeza mtima wapepuka, nayamba kufuna pulena yanga. Nichite bwanji? Nikaubweze kwa Yesu?"

Mawu amenewo anamukwiyitsa Ednah koposa. Anayang'ana ku mtengo wa mango kuti akalipire Jenala m'malo mwake. Apo ndi pamene anaona chimene mayiyo anafumbata pamiyendo: mphasa yakale yopindapinda, yong'ambika m'mbali. Anabwera nayo yekha, podziwa kuti pakhomo limeneli ayenera kumukana.

 Ednah anasuntha pakhomopo.

"Mahinjesi musiye," anatero. "Peterson sazatsegula."

Anagwira yekha chitsekocho pamene amuna ake ankacheka, akudandaula za mvula, za mbuzi, za tsiku limene anavomera kukwatiwa ndi kalipentala. A Bwezani anayamba nyimbo, ndipo monga mwa masiku onse anaiyamba mokweza kwambiri.

"Mwaiononga," anatero Ednah. "Ngati muimba, imbani bwino."

Anaitsitsa yekha n'kuitsogolera, nkhope ili gwa, utuchi uli m'maso. Jenala anaika mphasa pansi n'kubwera kudzagwira mbali inayo.