Chipsera cha Asiyatu

Dzulo mkazi wanga amawiritsa masamba a bulugamu, ndipo fungo lakelo linanditulutsa m'nyumba.

Kwathu ku Chia, tili ana, mango akangochita maluwa, mlongo wanga wamng'ono Asiyatu ankayetsemula osalekeza, maso ali psuu, pachifuwa pakulira ngati mluzu. Tsiku lina amayi anawiritsa bulugamu ndi masamba a mandimu. Anamukhazika pafupi ndi mphikawo, n'kumufunditsa bulangete mpaka kumutu kuti apume nthunzi.

Ine n'kuti nditangoona agogo aamuna ataphimbidwa nkhope chomwecho, asanawanyamule kupita nawo kumanda. Ndiye Asiyatu atangoti zii m'bulangetemo, osatsokomolanso, ndinakuwa.

"Amayi, sanafe! Musamuphimbe!"

Ndinakoka bulangete lija ndi mphamvu zanga zonse. Mphika unagubuduka, madzi owira onse n'kuthera pamwendo pake.

Amayi sanandimenye. Anangomunyamula n'kuthamangira naye kumadzi, uku akulira kuti, "Yusufu, wachitanji, mwanawe?"

Lero Asiyatu ali ndi zidzukulu, ndipo akamawaonetsa chipseracho amaseka. Ine kuseka kumandikanika. Ndinadzazindikira nditakula kuti anangoti zii muja chifukwa mpweya unali utayamba kulowa bwino.