Tsiku Limene Ndinamvera

Ine makani ndinabadwa nawo. Munthu akandiuza kuti khala pansi, mawondo amauma okha. Kuno kudziko la Atswana, ntchito ya m'nyumba ku Block 6 inandithera pa nkhani ya makatani: adona anati ndiwachape Lachisanu, ine ndinachapa Lolemba, dala, chonsecho Lachisanulo ndinalibe chochita. Ndiye ndinagula mashini n'kuyamba kusoka kunyumba ku White City, kopanda wondilamula.

Mwamuna wanga atatopa n'kuchoka, ndinapita kwa mlangizi kuchipatala. Anati khalidwe lotsutsa chilichonseli lili ndi dzina lake, ndipo si la ana okha. Anandiuza kuti wina akandipempha kanthu, ndizipuma kaye, kenako ndizichita momwe wanenera. Ndinatsala pang'ono kumufunsa kuti iyeyo ndi ndani. Koma ndinali nditatsala ndi mwana wanga wamkazi yekha, ndipo ndinkaopa kuti nayenso adzatopa nane.

Posakhalitsa kusukulu kwake kunali mwambo wopereka mphoto. Akusita yunifolomu, anati, "Amama, musabwere. Kulibe chachilendo."

Zinandibaya. Ndimamuchititsa manyazi eti? Mumtima ndinali nditasankha kale chitenje chovala. Koma ndinapuma, n'kunena kuti chabwino. Tsikulo ndinakhala pa mashini, uku ndikudzitama kuti ndasanduka munthu.

Anatsika kombi, minibasi ya kuno, masana atanyamula chikho cha masamu, maso atatupa. Anati atamuitana kutsogolo anamwaza maso holo yonse kundifunafuna, ndipo amene anamuimbira nthungululu ndi mayi a mnzake. Ndinamukalipira kuti anandiletsa yekha.

Mwana amene amandiyankha m'Chitswana tsiku lonse anayankha m'Chichewa. "Koma amama, inu mumabwera ndikakuletsani."

Phazi linachoka lokha pa mashini. Ndinakumbukira mmene amandiuzira kuti ndisavutike kumwa mankhwala a mutu, kuti ndisatenge juzi, kuti ndisadye ngati sindikufuna. Ine ndinkamwa, ndinkatenga, ndinkadya, n'kumadziona ngati wopambana. Kani mwana ankandiweta ngati mbuzi yokana chingwe! Manyazi anandigwira moti ndinalephera kumuyang'ana kumaso.

Ndinamuuza za mlangizi uja, ndi kuti ndikuyesetsa kusintha. Anaika chikhocho pa mulu wa nsalu, n'kundifunsa:

"Ndiye ndikamakufunani ndizinena bwanji?"